Momwe mungasinthire makamera a m'galimoto za apolisi popanda kutaya umboni

Khonsolo ya mzinda ikaganiza zosintha makamera a m'galimoto za apolisi, maso a anthu amathamangira pa kamerayo: kaya ikuona bwino usiku, kaya ikugwira nambala ya galimoto. Koma ndalama zambiri, ndiponso ngozi yeniyeni, zili kumene makanemawo amakasungidwa.

Yambani ndi masamu musanaitane kampani iliyonse. Kamera yojambula pa 5 Mbps (muyezo wa kuchuluka kwa deta pa sekondi) imadya pafupifupi 2.25 GB pa ola. Tiyerekeze kuti muli ndi galimoto 50, iliyonse ili ndi makamera awiri, ina yoyang'ana kumsewu, ina yoyang'ana mpando wakumbuyo komwe amakhala womangidwa, ndipo zikujambula maola atatu patsiku. Amenewo ndi 675 GB tsiku lililonse, kupitirira 240 TB pachaka (1 TB ndi 1,000 GB). Amene sanawerengere izi amadzadzidzimuka chaka chachiwiri.

Chachiwiri, gwirizanani ndi oimira boma pamilandu za nthawi yosunga makanema, motsatira malamulo a dziko lanu. Kanema wa dalaivala yemwe wangochenjezedwa n'kupita sangasungidwe nthawi yofanana ndi wa mlandu wakupha. Wapolisi azilemba mtundu wa nkhani pa kanema aliyense asanaweruke.

Kenako kontrakiti. Makampani monga Axon ndi Motorola Solutions, yomwe inagula kampani ina ya makamera a apolisi yotchedwa WatchGuard mu 2019, amagulitsa makamera pamodzi ndi malo osungira pa intaneti, kawirikawiri kwa zaka zisanu. Muwerenge gawo la momwe mudzasiyanirane. Lilembedwe poyera kuti makanema ndi a apolisi, adzatuluka m'mtundu wa failo woseweredwa pa kompyuta wamba, komanso kuti kuwatulutsa kudzadya ndalama zingati.

Musaike makamera m'galimoto zonse nthawi imodzi. Yesani zitatu kapena zinayi kwa milungu ingapo. Kamera iyambe yokha kujambula magetsi apadenga akayaka, ndipo isunge masekondi 30 a m'mbuyo, chifukwa chomwe chapangitsa wapolisi kuyatsa magetsiwo chimakhala chitachitika kale. Onaninso ngati mawu akumveka wapolisi atatsika, ngati wotchi ya kamerayo ikulondola, ndiponso ngati makanema akudzikweza okha pa Wi-Fi galimoto ikafika pa siteshoni.

Tsopano gawo lofuna mtima wodekha: kusamutsa makanema akale. Mu 2021 wogwira ntchito za makompyuta mumzinda wa Dallas, ku America, anafufuta pafupifupi 22 TB za mafailo apolisi pomwe ankawasamutsa. Anabwezako pafupifupi 14 TB, ndipo oimira boma anayamba kufufuza kuti milandu ingati yakhudzidwa. Panalibe mbava, kunali kungofufuta zinthu zisanafike bwino kwinako.

Kuti zimenezi zisakugwereni, failo iliyonse itengedwe chidindo chake, chomwe a makompyuta amachitcha hash, mwachitsanzo SHA-256. Ndi mzere wa zilembo ndi manambala womwe umasinthiratu failo ikangokhudzidwa pang'ono. Tengani chidindocho musanasamutse, tenganinso mutasamutsa. Zikafanana, kanema ndi yemweyo. Zikasiyana, imani pomwepo. Samutsaninso mbiri ya failo: anajambula ndani, liti, anaitsegula ndani, anaitumiza kuti. Loya wa wozengedwa mlandu amafunsa zimenezi m'khoti, ndipo kanema wopanda mbiri amakayikitsa ngakhale akuoneka bwino bwanji.

Samutsani pang'onopang'ono, milandu yomwe ili m'khoti ikhale yoyamba. Seva yakale, kompyuta yomwe imasunga makanemawo, isazimitsidwe mpaka wina, osati amene anasamutsa, atawerenga mafailo mbali zonse ziwiri n'kusainira. Mphamvu yofufuta isakhale m'manja mwa munthu mmodzi.

Makamera akale akachotsedwa, tulutsani makadi osungira makanema ndi ma hard drive ake. M'menemo mumatsala nkhope za ana, za anthu ovulala ndi za mboni. Afufutidwe bwinobwino kapena aphwanyidwe, ndipo nambala ya chilichonse ilembedwe m'kaundula.