Momwe mungayesere nokha ngati kuyabwa kumapatsirana

Kodi kungoona wina akudzikanda kungachititse kuti nanunso muyambe kumva kuyabwa? Ndinayesa zimenezi ndi achinyamata a kalabu yathu ya sayansi. Zofunika ndi foni, kope, ndi anthu osachepera khumi.

Yambani ndi kujambula mavidiyo awiri aafupi. Yoyamba mnzanu azidzikanda pamkono, yachiwiri azingogogoda pamalo omwewo ndi zala. Jambulani nokha, musathere bandulo pa YouTube. Memori khadi zotchipa za m'mbali mwa msewu zipeweni, yanga inameza vidiyo yoyamba tsiku lomwelo.

Kenako gawani anthu pawiri, gulu lina lionere vidiyo yodzikanda, lina yogogoda, ndipo musawauze chimene mukufufuza. Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Ulendo woyamba ndinawafotokozera kuti tiona za kuyabwa. Mmodzi anayamba kukamba za chitedze chimene chinamuyabwa kumunda, wina za nsabwe, ndipo vidiyo isanayambe aliyense anali akudzikanda, ngakhale gulu loonera yogogoda ija. Zowerenga zonse zinapita pachabe. Pambuyo pake ndinadziwa kuti ku Giessen, ku Germany, akatswiri anaona kuti omvera nkhani yokamba za kuyabwa, yokhala ndi zithunzi za utitiri, ankadzikanda kwambiri. Kwa ife mawu okha anakwana. Choncho anthu anuwo ingowauzani kuti aonere mwachidwi, mudzawafunsa mtundu wa malaya a munthuyo. Sankhaninso chipinda chopanda udzudzu, masana.

Khalani kumbuyo, muzilemba kamzere aliyense akadzikanda. Manja anu akhale pakope.

Achinyamata anga ankati odzikanda kwambiri ndi achifundo, omva ululu wa anzawo. Inenso ndinkaganiza choncho. Koma mu 2012 Henning Holle wa ku yunivesite ya Hull, ku England, ndi anzake anapeza kuti anthu 64 pa 100 alionse anadzikanda poonera mavidiyo otere, ndipo otengera msanga sanali achifundo koposa ena, anali a mtima wodera nkhawa. Makina ojambula ubongo anaonetsa kuti mbali zimene zimagwira ntchito munthu akamayabwidwadi, monga insula, zimadzukanso pongoona. Mu 2017 gulu la Zhou-Feng Chen ku St. Louis, ku America, linaona mbewa zikudzikanda zitaonera vidiyo ya mbewa inzawo, ndipo atatsekereza kemiko ya muubongo yotchedwa GRP zinasiya kutengera.

Pomaliza werengani timizere, muyerekeze magulu awiriwo, kenako muwaululire. Amene ali ndi matenda a pakhungu musawaike m'magulumo, iwo kuyabwaku kumawagwira mwamphamvu ndipo akhoza kudzikanda mpaka zilonda.