Zoti muchite m'bale wanu akagwidwa ndi asilikali n'kumazunzidwa pomufunsa mafunso

Nkhondo kuno ku Mangochi timangoyimvera pa wailesi, koma Mozambique ili pakhomo penipeni, kungodumpha pa Chiponde wafika ku Mandimba. Anyamata athu amalowa m'dzikomo kukasaka ganyu kapena kuchita geni, ndipo chigawo cha Cabo Delgado chakhala pa nkhondo ndi zigawenga kuyambira 2017. Kumalo otere mlendo wopanda mapepala sachedwa kumuganizira kuti ndi kazitape. Mwana kapena mlamu wanu akagwidwa, kaya kunjako kaya konkuno, musangokhala n'kumalira m'nyumba.

Yambani ndi kulemba. Tsiku, nthawi, malo amene amugwirira, mtundu wa yunifolomu, nambala ya galimoto, ndi mayina a anthu amene anaona. Lembani tsiku lomwelo, mboni zisanayambe kuchita mantha.

Kenako yesetsani kuti dzina lake lilowe m'buku. Apa ndiye pagona nkhani yonse, chifukwa munthu amene sanalembedwe paliponse ndi amene amamuchita chipongwe mosaopa. Ku ndende ya Abu Ghraib ku Iraq, asilikali a America ankasunga akaidi ena osawalemba n'komwe, kuti a International Committee of the Red Cross, bungwe limene limayendera akaidi pa nthawi ya nkhondo, asawaone. Mmodzi wa iwo, Manadel al-Jamadi, anafera m'manja mwa omufunsa mafunso mu November 2003. Ngati m'bale wanu amugwirira m'Malawi muno, pitani kupolisi mukafunse ngati ali m'chitokosi, ndipo mupemphe kumuona ndi maso anu. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino likuti munthu auzidwe chifukwa chimene amumangira, aloledwe kuonana ndi loya komanso abale, ndipo akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Akamakuzungulitsani, thamangirani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu osowa ndalama zolipirira loya. Loya angathe kupempha High Court kuti ilamule omusungawo abwere naye.

Ngati ndi kunja, dziwitsani unduna woona za ubale wa dziko lino ndi mayiko ena ku Lilongwe. Pangano la Vienna la 1963 limapatsa mlendo womangidwa ufulu woti ofesi ya kazembe wa dziko lake idziwitsidwe, ndipo Malawi ali ndi ofesi yotere ku Maputo. Pitaninso ku Malawi Red Cross, amene amathandiza kufufuza abale osowa pogwirizana ndi anzawo a mayiko ena.

Mukapeza mpata womuona, muuzeni mawu awa momveka: asasayine kapena kudinda chala pa chikalata chimene sanawerenge, kapena chimene sanamuwerengere m'chilankhulo chake, kaya ndi Chiyao kaya Chichewa. Ali ndi ufulu wokhala chete. Ambiri amaganiza kuti sitetimenti yolembedwa ndi zibakera khoti limangoyitaya. Pangano la United Nations loletsa kuzunza anthu la 1984, limene Malawi anavomereza mu 1996, likuterodi. Koma gawo 176 la lamulo lathu loyendetsera milandu limalola khoti kulandira sitetimenti yovomera mulandu ngakhale mwiniwake akunena kuti anamukakamiza, kenako woweruza ndiye amaona ngati zimene zalembedwamo zili zoona. Ine gawo limeneli ndimaliona kuti linatha ntchito kalekale, koma likadalipo. Tsono ngati anasayina kale chifukwa cha ululu, anene zimenezi pamaso pa woweruza tsiku loyamba lomwelo, aonetse ndi mabala.

Kwa mabanja a asilikali athu amene amapita kukasungitsa mtendere ngati ku DRC, pangano lachitatu la Geneva la 1949 likuti msilikali wogwidwa pa nkhondo ya pakati pa mayiko ayenera kunena dzina, udindo, tsiku lobadwa ndi nambala yake basi. Kumukakamiza kuulula zina n'koletsedwa.

Chotsatira ndi chipatala, ndipo musazengereze chifukwa mabala amapola. Pemphani dokotala alembe chilonda chilichonse, malo ake ndi kukula kwake, inu musunge kope la lipotilo ndipo mujambule zithunzi pa foni. Nkhanza zina sizisiya chipsera: kumuletsa kugona, kumuimitsa usiku wonse, kumuveka thumba kumutu, kumuvula pamaso pa anthu, kumuopseza ndi agalu. Zimenezinso auze dokotala ndi loya, asachite manyazi. Zikafika poipa munthu n'kumwalira, musafulumire kuika maliro ngakhale mwambo ukutero. Pemphani kaye kuti thupi lipimidwe. Buleya Lule atafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu 2019, kupima kwa Dr Charles Dzamalala ndi kumene kunaonetsa kuti anamuzunza ndi magetsi.

Mapepala onsewa muwatengere ku Malawi Human Rights Commission, ndipo ngati ozunzawo ndi apolisi, kadandauleninso ku Independent Complaints Commission. Wina akakuuzani kuti ozunzawo ankangotsatira lamulo la bwana, kapena kuti pa nkhondo zonse n'zololeka, dziwani kuti pangano la 1984 lija limakana zifukwa ziwiri zonsezi. Charles Graner, msilikali wa ku Abu Ghraib, anadziteteza ponena kuti anachita kulamulidwa, koma khoti la asilikali linamugamula zaka 10 mu 2005.