Momwe mungasankhire pulosesa ndi motherboard ya kompyuta ya magemu ndalama zili zochepa

Pulosesa (ubongo wa kompyuta), motherboard (bodi yaikulu yomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo) ndi RAM (momwe kompyuta imasungamo kwakanthawi zomwe ikugwira) zimayendera limodzi. Mukakhudza chimodzi, zinazo zimatsatira, ndipo ndalama za anthu ambiri zimathera pamenepa. Munthu amati agule pulosesa yokha, pofika nayo n'kupeza kuti sikulowa pa bodi yake. Akagula bodi yatsopano, RAM yakale ijanso ikukana. Ndiye musanayambe kuyang'ana za m'sitolo, yambani ndi zomwe zili kale m'kompyuta yanu, chifukwa chinthu chilichonse chakale chomwe mungapulumutse ndi ndalama yopita ku graphics card (khadi yopanga zithunzi za pa sikirini), yomwe m'magemu ambiri ndiyo imasenza katundu wolemera.

Choyamba, tsimikizani kuti vuto ndi pulosesadi

Tsegulani gemu yomwe imakuvutitsani, muzionerera momwe zipangizo zikugwirira ntchito. Task Manager ya mu Windows imatha kukuonetsani, koma pulogalamu yaulere ya MSI Afterburner ndiyo yabwinoko chifukwa imalemba manambala pakona ya sikirini muli m'kati mosewera. Yang'anani graphics card. Ngati ikugwira ntchito pa 95 mpaka 100 peresenti, ndiye kuti yafika pamapeto pa mphamvu zake, ndipo pulosesa yatsopano sikuthandizani kwenikweni. Koma ikamangokhala pa 60 kapena 70 peresenti gemu ikudukizadukiza, ndiye kuti ikudikirira pulosesa.

Nambala ya pulosesa yokha ikhoza kukunamizani. Gemu imatha kupanikiza ma core (timagawo togwira ntchito m'kati mwa pulosesa) awiri okha enawo akungokhala, Task Manager n'kumaonetsa 40 peresenti ngati zonse zili bwino. Njira yosakayikitsa ndi iyi: mu gemuyo zimitsani V-Sync (yomwe imamangirira liwiro la gemu ku liwiro la sikirini), tsitsani resolution kufika pa 720p, muone. Ma FPS (chiwerengero cha zithunzi pa sekondi) akakwera kwambiri, vuto linali graphics card. Akakhala pomwepo, ndi pulosesa kapena RAM.

Chachiwiri, lembani zomwe muli nazo

Ikani CPU-Z, nayonso ndi yaulere. Lembani dzina la pulosesa ndi soketi yake (malo omwe imakhala pa bodi), dzina lonse la motherboard, nambala ya BIOS (pulogalamu ya m'bodi yomwe imayatsa kompyuta), komanso ngati RAM yanu ndi DDR3, DDR4 kapena DDR5. Dzina la bodi lilembedwe lonse mpaka chilembo chomaliza, popeza mabodi awiri a kampani imodzi amatha kusiyana ndi chilembo chimodzi koma BIOS yawo n'kukhala yosiyana.

Ngati kompyuta yanu ndi ija ya mu ofesi yobwera yomangidwa kale, monga zambiri za Dell ndi HP, tsegulani bokosi muone. Zambiri mwa izo zili ndi bodi ya muyeso wakewake ndi mawaya a magetsi achilendo, moti kusintha bodi kumatanthauza kusinthanso power supply ndi bokosi lomwe.

Chachitatu, sankhani soketi, pulosesa ibwere pambuyo

Ngati CPU-Z yakuuzani kuti muli pa AM4, muli ndi mwayi. AMD inatulutsa soketi imeneyi mu 2016, ndipo mapulosesa a Ryzen kuyambira oyamba a mu 2017 mpaka a 5000 amakhala pa soketi yomweyo. Munthu yemwe ali ndi Ryzen 3 1200, Ryzen 5 1600 kapena 2600 pa bodi ya B450 angathe kuika Ryzen 5 5600 popanda kusintha bodi kapena RAM, bola akonze BIOS, kutanthauza kuikamo BIOS yatsopano. Ngakhale mabodi ambiri akale a A320, B350 ndi X370 analandira BIOS yothandiza mapulosesa a 5000 m'chaka cha 2022. Pitani pa webusaiti ya kampani yomwe inapanga bodi yanu, mupeze mndandanda wa mapulosesa omwe bodiyo imalola. Mndandandawo umatchulanso BIOS yofunika pa pulosesa iliyonse.

Ryzen 5 5600 inatuluka mu April 2022. Ili ndi ma core 6, ma thread 12 (ntchito zomwe imayendetsa nthawi imodzi), cache ya L3 (malo osungira othamanga kwambiri a m'kati mwa pulosesa) yokwana 32 MB, ndipo ndi ya 65 W, kotero bodi wamba imaikwanitsa. Kwa ine, iyi ndiyo pulosesa yoyambira kuganizira kwa aliyense amene ali ndi DDR4 kale. Samalani ndi abale ake ofanana mayina. Ryzen 5 5500 ndi 5600G ali ndi theka la cache imeneyi, 16 MB, ndipo amathera pa PCIe 3.0 (PCIe ndi njira yolumikizira graphics card ku pulosesa, ndipo 3.0 ndi yochedwa kuposa 4.0). M'magemu cache imawerengedwa kwambiri, n'chifukwa chake Ryzen 7 5800X3D ndi 5700X3D, omwe ali ndi 96 MB, amathamanga magemu kuposa mapulosesa ena a ma core ochuluka. Mukapeza imodzi mwa ziwirizi pa mtengo wabwino, ndiye mapeto a AM4 pa nkhani ya magemu. Dziwani kuti sizibwera ndi choziziritsira, pomwe 5600 ya m'bokosi imabwera nacho.

Ngati muli pa Intel yakale kapena pa DDR3, bodi isintha basi. Apa njira zotchipa ndi ziwiri: AM4 yomweyo ndi bodi ya B550, kapena LGA1700 ya Intel, yomwe inayamba mu 2021 ndipo imalandira mapulosesa a m'badwo wa 12, 13 ndi 14. Core i5-12400F, ya ma core 6 ndi ma thread 12, imapikisana bwino ndi 5600. Ndalama zikavuta kwambiri, Core i3-12100F ya ma core 4 ndi ma thread 8 imakwanabe pa magemu opepuka, koma magemu atsopano akuluakulu ayamba kuipanikiza. Chilembo F chikutanthauza kuti pulosesayo ilibe graphics yakeyake. Popanda graphics card sikirini siyaka. Ryzen 5 5600 nayonso ili chomwecho ngakhale ilibe F. Chilembo K ndi cha overclock (kuthamangitsa pulosesa kupyola liwiro lake la ku fakitale), ndipo chimafuna bodi ya Z yodula, zomwe munthu wa bajeti yochepa angazidutse osatembenuka. Mukamagula i7 kapena i9 ya m'badwo wa 13 kapena 14 yomwe wina anagwiritsapo ntchito, kumbukirani kuti mu 2024 Intel inavomereza kuti ena mwa mapulosesa amenewa ankawonongeka ndi voteji yokwera, ndipo yowonongeka kale BIOS yatsopano siichiritsa.

Njira yachitatu ndi AM5, yomwe inayamba mu September 2022. Ryzen 5 7600 imaposa 5600 ndi 12400F, ndipo AMD inalonjeza kupitiriza soketiyi mpaka 2027 kapena kupyola, ndiye mawa mudzangosintha pulosesa. Koma AM5 imalola DDR5 yokha. Ngati mulibe RAM yopulumutsa ndipo mukugula zonse zitatu, werengerani mtengo wa zitatuzo pamodzi pa njira iliyonse, chifukwa mtengo wa RAM umasinthasintha kwambiri. Ngati kupita ku AM5 kukuchititsani kugula graphics card yofooka, khalani pa DDR4.

Chachinayi, bodi

Bodi yodula siwonjezera ma FPS. Pulosesa imodzimodzi pa bodi yapakati ndi pa bodi yamtengo wapatali imathamanga gemu mofanana. Ntchito yanu n'kupeza bodi yotchipa yomwe sikumanani kanthu kofunika.

Pa AM4, B550 ndiyo yapakati: ili ndi PCIe 4.0 pa graphics card ndi pa SSD yoyamba ya M.2 (chosungira mafayilo chaching'ono cholowa pa bodi penipeni), pomwe B450 ndi A520 zili pa PCIe 3.0. Makhadi ambiri kusiyanaku sakumva kwenikweni, koma Radeon RX 6500 XT, yomwe imagwiritsa ntchito ma lane (tinjira ta PCIe) 4 okha, imafooka ndithu pa PCIe 3.0. Pa LGA1700, tengani B660 kapena B760. H610 imatchipa, koma silola kuthamangitsa RAM kupyola liwiro lomwe Intel inaika, ndipo mabodi ake ambiri ali ndi malo awiri okha a RAM. Chenjezo lalikulu pa LGA1700 ndi ili: pafupifupi bodi iliyonse imakhala ya DDR4 kapena ya DDR5, osati zonse, ndipo RAM ya mtundu wina silowa m'malo a inzake. Werengani dzina bwinobwino. Za DDR4 kawirikawiri zimalembedwa D4 kapena DDR4. Pa AM5, B650 ndi B850 ndi zokwana, A620 nayo imatha ndi pulosesa ya 65 W.

Mukayang'ana chithunzi cha bodi, onani mozungulira soketi, kumanzere ndi kumtunda. Pamenepo pali VRM, timagawo tomwe timasandutsa magetsi a 12 V kukhala voteji yochepa yomwe pulosesa imadya. Bodi yomwe ili ndi chitsulo choziziritsa pamwamba pa VRM ndiyo yabwino kusankha. Yopanda chitsulocho imakwana pa pulosesa ya 65 W, koma mukadzaika yamphamvu VRM imatentha, pulosesa n'kumatsitsa liwiro yokha.

Kenako muyeso. ATX ndi 305 × 244 mm, microATX ndi 244 × 244 mm, Mini-ITX ndi 170 × 170 mm. MicroATX ndiyo imakonda kutchipa ndipo imalowa m'mabokosi ambiri. Mini-ITX ndi yaing'ono koma yodula. Onaninso ngati bodi ili ndi Wi-Fi ngati mulibe waya wa intaneti, malo a M.2, ndi batani lokonzera BIOS popanda pulosesa. ASUS amalitcha BIOS FlashBack, Gigabyte Q-Flash Plus, MSI Flash BIOS Button. Batani limeneli limapulumutsa munthu yemwe wagula bodi yokhalitsa m'sitolo yomwe BIOS yake siidziwa pulosesa yatsopano.

Bodi yogwiritsidwapo ntchito ya LGA1700 kapena AM5 iyang'anitsitseni pa soketi ndi tochi, chifukwa timapini tili pa bodipo ndipo kamodzi kakapindika ndi nkhani ina. Pa AM4 timapini tili pa pulosesa, ndiye tembenuzani pulosesayo muone.

Chachisanu, RAM ndi choziziritsira

Gulani RAM ziwiri za 8 GB m'malo mwa imodzi ya 16 GB, kuti ziyende pa dual channel, kutanthauza njira ziwiri nthawi imodzi. Pa bodi ya malo anayi, nthawi zambiri zimalowa pachiwiri ndi pachinayi kuchokera ku pulosesa, pomwe palembedwa A2 ndi B2. DDR4-3200 kapena 3600 ndi yokwana, pa AM5 anthu amakonda DDR5-6000. Choziziritsira chakale cha AM4 nthawi zambiri chimakwana pa AM5, koma cha Intel yakale chimafuna zomangira zatsopano kuti chikhale pa LGA1700.

Tsiku loika

Ngati mukungosintha pulosesa pa AM4, konzani BIOS pulosesa yakale ikadali pomwepo. Mukaiwala, kompyuta siyaka ndipo mudzayenera kubwezera yakaleyo. Werengani mawu olembedwa pambali pa BIOS iliyonse, chifukwa mabodi ena amafuna kudutsa kaye pa BIOS yapakati. Musayambe ntchitoyi magetsi ali okayikitsa, chifukwa akathima pakati bodi ikhoza kufa. Ngati BitLocker (loko ya Windows yokhoma mafayilo anu) ndi yoyatsa, iimitseni kapena sungani kiyi yake pena, ndipo ngati mukusintha bodi, lumikizani laisensi ya Windows ku akaunti yanu ya Microsoft musanamasule chilichonse. Mapulosesa onse omwe tawalimbikitsa kugula pano amalola Windows 11, zomwe n'zofunika tsopano popeza Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025.

Pochotsa choziziritsira cha AM4, yatsani kaye kompyuta kwa mphindi zingapo kuti thermal paste (phala la pakati pa pulosesa ndi choziziritsira) ifewe, muizimitse n'kuzula waya wa magetsi, kenako muchipotoze pang'ono uku ndi uku musanakoke. Mukangozula, pulosesa imatha kutuluka itamatirira ku choziziritsira, timapini n'kupindika. Poika yatsopano, kachizindikiro ka makona atatu pa pulosesa kalunjike ku kanzake ka pa soketi, ndipo igwere yokha popanda kukanikiza. Musaiwale waya wa mapini 8 wa pulosesa kumtunda kwa bodi, kuwonjezera pa uja wa mapini 24.

Ikayaka, lowani mu BIOS muyatse XMP, kapena EXPO pa AM5, zomwe zimayendetsa RAM pa liwiro lake lonse, apo ayi RAM yanu iziyenda pang'onopang'ono kuposa liwiro lomwe munalipirira. Pa AM5 kuyaka koyamba kumatha kutenga mphindi zingapo sikirini ili yakuda, bodi ikuyesa RAM, isiyeni imalize. Mukalowa mu Windows, ikani ma driver a chipset, mutsegule gemu ija pamodzi ndi Afterburner, muone ngati graphics card tsopano ikufika pa 95 peresenti kupita m'mwamba.