Momwe Mungadziwire Kuti Fumbi Likubwera pa Msewu wa ku Walvis Bay

Madalaivala amene mumanyamula katundu kuchokera ku Ndola kupita ku doko la Walvis Bay ku Namibia, musaidelere mphepo ya kum'mawa imene eni dera amaitcha Oosweer. Fumbi lake limatseka maso masana dzuwa likuswa mtengo, koma siibwera mwakabisira.

Choyamba, yang'anani mwezi. Imavuta kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nthawi yomwe asodzi a pa nyanja ya Malawi akulimbana ndi mwera.

Chachiwiri, mvetserani thupi lanu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. M'matauni a kugombe a Swakopmund ndi Walvis Bay nthawi zambiri kumacha ndi chifunga komanso kachisanu, chifukwa madzi oyenda m'nyanja ya kumeneko, otchedwa Benguela, ndi ozizira. Mukadzuka mbandakucha n'kupeza kumwamba kuli mbee, chifunga palibe, milomo yauma, kunja kukutentha chonsecho ndi Juni, dziwani kuti mphepo yatembenuka. Mpweya umakhala ukutsika kuchokera kumtunda kwa dziko, ndipo potsika umatentha ndi kuuma, mpaka kugombe kumapitirira madigiri 30. Ukamadutsa m'zigwa zouma za mitsinje ya Kuiseb ndi Swakop umatola fumbi, lina n'kukalitaya kutali m'nyanja ya Atlantic.

Chachitatu, madzulo musanagone onani chenjezo la nthambi ya zanyengo ya Namibia, kapena tsegulani pulogalamu ya zanyengo ya Windy pa foni. Mivi yosonyeza mphepo ikaloza kunyanja kuchokera kumtunda, konzani ulendo mwatsopano.

Kenako sankhani ola lonyamukira. Mphepoyi imakula m'mawa, ndipo kawirikawiri imafooka masana mphepo ya kunyanja ikayamba. Ine ndimati kuli bwino kudikira ku tauni ya Usakos, musanatsikire kugombe, maola angapo kusiyana ndi kukakamira, makamaka pa makilomita pafupifupi 30 a pakati pa Swakopmund ndi Walvis Bay, pomwe msewu wa B2 wadutsa m'mphepete mwa milu ya mchenga.

Ikakupezani muli pa msewu, chepetsani liwiro, tsekani mawindo, yatsani magetsi. Mukalephera kuona mzere wa msewu, patukirani kumbali ndithu, osaima pa phula. Mchenga umenewu umakwecha galasi ndi penti, choncho musayatse mawaipa pa galasi louma.

Mukafika, limbitsaninso zingwe za tenti ndipo mupemerere fyuluta ya mpweya musanabwerere.