Kuteteza madzi akumwa kolera ikabuka kuno ku Mangochi

Kwa amene mwafunsa mmene mungakonzere madzi a m'nyanja kapena a mu Shire kolera ikayamba m'mudzi. Konzeranitu chigubu cha malita 20 chokhala ndi chotsekera, nsalu yoyera, sopo, ndi WaterGuard kapena klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa.

1. Tsukani chigubu ndi sopo, m'manja momwe.

2. Madzi akakhala amatope, monga amakhalira nthawi ya mvula, asiyeni adikhe kenaka muwasefe pa nsalu. Matope amafooketsa mankhwala.

3. Thirani kachivindikiro kamodzi ka WaterGuard m'malita 20, kapena tiwiri ngati madziwo akadali otuwa. Klorini wa alangizi ali ndi muyezo wake, tsatirani umene akuuzani.

4. Tsekani, khutchumulani, dikirani mphindi 30. Ambiri amalakwitsa pamenepa: mwana akalira ludzu amamupatsa nthawi yomweyo, mankhwala asanagwire ntchito. Chonde pirirani. Fungo la klorini lisakuopseni, choopsa ndi kolera: mliri wa 2022 unatitengera anthu ambiri m'boma lino.

5. Musaviike kapu kapena chikho m'madzimo, muzichita kutsanula. Otsukira mbale, ndiwo zamasamba ndi mango akhalenso omwewa.

6. Asodzi opita kunyanja usiku anyamule botolo lawo, asamwe a m'mbali mwa bwato.

Wina akayamba kutsegula m'mimba ngati madzi a mpunga, sungunulani paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi amenewa, azimwa muli pa ulendo wa kuchipatala.