Musanagule makapu akale a tiyi a ku China, yang'anani kunsi kwake

Ziwiya zambiri za tiyi zimene amalonda ankapita nazo ku Ulaya m'zaka za m'ma 1700 zinkaumbidwa ndi kuwotchedwa mumzinda wa Jingdezhen ku China, kenako n'kukwezedwa m'sitima padoko la Canton, ndipo nthawi zambiri sankazilemba dzina la mfumu kunsi. Choncho mukaona kapu yolembedwa dzina la Mfumu Qianlong, yomwe inkalamulira China m'zaka za m'ma 1700, musafulumire kutulutsa ndalama, chifukwa oumba a m'zaka zapambuyo pake ankakonda kukopera mayina oterowo. Mawu akuti CHINA kunsi kwa chiwiya amasonyeza kuti chinapangidwa kuyambira cha m'ma 1891, pamene dziko la America linayamba kulamula kuti katundu wolowa azisonyeza kumene wachokera.

Makapu ambiri a m'zaka za m'ma 1700 analibe chogwirira, ndiye musaganize kuti chinathyoka. Gogodani kapuyo pang'onopang'ono ndi chikhadabo: yabwinobwino imalira ngati belu, pamene yong'aluka kapena yomatidwa imamveka mogontha. Iunikeninso ndi tochi, popeza malo okonzedwa amaoneka akuda kusiyana ndi ena onse.

Potsuka, madzi ofunda ndi nsalu yofewa n'zokwanira, chifukwa utoto wagolide wa m'mphepete suchedwa kufufutika.