Clownfish Yanu Yakana Anemone N'kusankha Pampu? Nazi Zoyenera Kuchita

Ambiri amene amaweta nsomba za m'madzi amchere kunyumba amakumana nazo izi. Munthu wagula anemone yodula (chamoyo chofewa cha m'nyanja chooneka ngati duwa, chokhala ndi timanja toluma), waiika pakati penipeni pa thanki, koma clownfish, nsomba yaing'ono imene m'nyanja imabisala mu anemone, sikuiyang'ana n'komwe. Tsiku lonse yangokakamira pakona, ikudzikhula pa pampu, apo ayi yatsamira hita. Ina imasankha korali (chamoyo cha m'nyanja chomera pamwala) yomwe mwiniwake amaikonda kwambiri n'kumaisisita mpaka kuitsekeratu.

M'nyanja ya Indian ndi ya Pacific muli mitundu ya clownfish pafupifupi 30, ndipo mitundu ya anemone imene nsombazi zimakhalamo ndi 10 yokha. Kumeneko clownfish yopanda anemone siichedwa kudyedwa, chifukwa liwiro ilibe. Mu thanki mulibe adani otere, koma mtima wofuna pobisalira sutha, ngakhale kwa nsomba zoswedwera m'matanki a alimi zomwe anemone sizinaionepo. Choncho imangosankha chilichonse chomwe chaoneka ngati nyumba. Dziwiranitu kuti clownfish imatha kukhala zaka zoposa 10, kudya bwino ndi kuikira mazira popanda anemone. Funso lenileni n'lakuti, kodi chomwe yasankhacho chikuivulaza, kapena iyo ndi imene ikuvulaza chinthucho?

1. Siyanitsani khalidwe ndi matenda

Musanasunthe kanthu, khalani pansi muiyang'ane kwa mphindi 10 masana, kenako muionenso ndi tochi yosawala kwambiri nyale zikazima.

Izi musade nazo nkhawa: kusambira mogwedera, kukwera ndi kutsika pamalo amodzimodzi, kugona chammbali pamchenga kapena kuyandama pamwamba usiku mtundu utazilala, m'mawa n'kudzuka ili bwinobwino, kukupiza mchira pamchenga mpaka kukumba dzenje, kuluma mwala kapena galasi pamalo amodzi. Yaing'ono ikamanjenjemera ngati yagwidwa khunyu pamaso pa yaikulu, ikungosonyeza kugonjera. Clownfish siibadwa yaikazi. Yaikulu pa gulu ndiyo imasanduka yaikazi, ndipo ikatero siibwereranso. N'chifukwa chake pogula ziwiri muzisankha ina yokulirapo ndi ina yaing'ono ndithu, popeza zazikazi ziwiri zimamenyana mpaka ina kufa.

Timadontho takuda pakhungu la nsomba imene imagona mu korali timabwera chifukwa cha kulumidwa ndi koraliyo. Ngati ikudya ndi kupuma bwino, tisiyeni, timatha tokha.

Koma ikasiya kudya, ikamapuma mothamanga, khungu n'kuoneka lotuwa ndi zonanda zoyera zomatuka, ganizirani za Brooklynella, matenda omwe amakonda clownfish ndipo amapha m'tsiku limodzi kapena awiri. Timadontho toyera towerengeka ndi matenda a Cryptocaryon, pomwe kafumbi kosalala thupi lonse ndi matenda a Amyloodinium. Nsomba yotere ichotsedwe n'kuikidwa mu thanki ina yopanda miyala ndi makorali. Brooklynella imafuna formalin, enawo amamva mankhwala a kopa. Kopa musamuthire mu thanki yaikulu ngakhale dontho: amapha makorali, anemone, nkhono ndi shrimp, komanso amalowerera m'miyala. Thanki yaikuluyo ikhale yopanda nsomba milungu 6, ndipo ngati ndi Cryptocaryon aweti ambiri amafikitsa masiku 76.

2. Yezani madzi

Nsomba imene yangoyamba mwadzidzidzi kukhala pomwe madzi amatulukira kuchokera ku pampu, kukamwa kuli pamwamba, mwina sikusankha nyumba koma ikusowa mpweya. Lozetsani pampu imodzi m'mwamba kuti pamwamba pa madzi pazigwedezeka, kenako yezani. Mchere ukhale 1.025 mpaka 1.026 pa refractometer (kachipangizo koyezera mchere), kutentha madigiri 25 mpaka 26, pH 8.1 mpaka 8.4, alkalinity 8 mpaka 9 dKH. Ammonia ndi nitrite zikhale 0, nitrate pakati pa 5 ndi 10 ppm, phosphate 0.03 mpaka 0.1 ppm. Kwa amene anazolowera mbuna za m'nyanja ya Malawi, apa zinthu n'zosiyana: mchere wa patebulo sugwira ntchito, pamafunika mchere wopangidwira matanki a nsomba za m'nyanja yamchere, wosungunulidwa m'madzi osefedwa ndi makina a RO. Madzi akaphwera, onjezerani madzi opanda mchere, chifukwa mchere suuluka nawo.

3. Onani chomwe yasankha

Ikakhala pakona, pamwala, pa maginito yotsukira galasi kapena pa choyezera kutentha, isiyeni. Sizikongola, inde, koma palibe choopsa.

Pampu yoyendetsa madzi ivekeni chotchinga cha siponji kapena kaneti, makamaka ngati nsombayo ndi yaing'ono kapena ndi ya zipsepse zazitali. Ngozi imachitika usiku nsomba ili mtulo, kapenanso pamene pampu yomwe inazimitsidwa nthawi yodyetsa yayaka nsomba italowa mkati. Siponjiyo muziichapa sabata iliyonse, ikatsekeka pampu imafooka. Hita isamutsireni mu sump (thanki ina yosefera madzi yokhala pansi pa yaikulu) ngati muli nayo, apo ayi igulireni chotchinga chapulasitiki. Nsomba yokonda kugona pa overflow (pomwe madzi amasefukira kupita ku sump) tsiku lina mudzaipeza yagwera mkati kapena yalumphira pansi, choncho tchingani ndi neti ya maso a mamilimita 6 ndipo pamwamba pa thanki pakhale chivundikiro.

Pa makorali ndi pomwe pamafunika diso. Korali yofewa ya Sarcophyton, ikakhala yaikulu, imapirira ndipo nthawi zambiri imazolowera. Makorali otchedwa torch, hammer ndi frogspawn ndi osiyana: mnofu wawo ndi wofewa koma wakhala pa chigoba chakuthwa, ndiye nsomba ikamadzikankhira mkati mnofuwo umang'ambikira pa chigoba chake chomwe. Pabalapo pamalowa matenda a brown jelly, zonanda zofiirira zomwe zimatha kumaliza mutu wonse usiku umodzi n'kudumphira ku mutu wina. Korali ya Goniopora nayo siichedwa kufooka. Nkhono yaikulu ya Tridacna ikamasisitidwa imangokhala yotseka, motero siilandira kuwala komwe imadalira. Ndipo korali yofanana ndi bowa ya Amplexidiscus imatha kudzipinda n'kutsekera nsomba mkati, iyi ichotseni msanga.

Ipatseni korali masiku 3 kapena 4. Ikamatseguka nsomba ili momwemo, zagwirizana. Ikakhala yofota tsiku lonse, kapena mnofu ukayamba kubwerera m'mbuyo n'kuonetsa chigoba choyera, chitanipo kanthu.

4. Tchingani korali, perekani nyumba ina

Kungosuntha korali sikuthandiza kawirikawiri, nsomba imailondola. Tengani kadengu kapulasitiki ka maso osaposa sentimita imodzi, kakulu moti korali ikatambasuka isagunde m'mbali, muvundikire koraliyo n'kukamangirira pamwala ndi timalamba tapulasitiki. Waya wachitsulo ayi, amachita dzimbiri. Kadenguko kakhale milungu 2 mpaka 4, ndipo muzikatsuka ndi mswachi ndere zikayamba kutchinga kuwala. Ngati brown jelly yayamba kale, zimitsani mapampu, yamwani zonandazo ndi kapaipi kuti zisamwazike, tulutsani korali, dulani mutu wodwala n'kuutaya, yotsalayo muiviike m'mankhwala a ayodini opangidwira makorali potsatira muyezo wa pabotolo.

Tsiku lomwelo ikani pafupi kamphika kadothi ka maluwa, ka masentimita 8 mpaka 10, mokagoneka chammbali. Alimi oswetsa clownfish amagwiritsa ntchito timiphika totere. Kakhale katsopano, kosapaka utoto, kosakhudzapo feteleza, ndipo kaviikidwe m'madzi a RO tsiku lathunthu. Kabowo ka pansi pake katsekeni kapena kakulitseni, nsomba ingadzapanikizikemo.

5. Ngati mukufunabe anemone

Yambani ndi kudziwa mtundu wa nsomba yanu. Clownfish za mtundu wa maroon ndi tomato kwawo kunyanja zimakhala mu anemone ya Entacmaea quadricolor, ija ya timanja totupa kunsonga yotchedwa bubble tip, ndipo zimalowa mosavuta. Clarkii siisankha, imakhala m'mitundu yonse 10. Allardi, yomwe imapezeka m'gombe la Mozambique ndi maiko ena a kum'mawa kwa Africa, nayonso bubble tip imaidziwa. Vuto lili pa ocellaris ndi percula, zomwe ndi zimene anthu ambiri ali nazo. Kwawo ocellaris imakhala mu anemone za Heteractis magnifica, Stichodactyla gigantea ndi Stichodactyla mertensii, osati mu bubble tip. Mu thanki zambiri zimadzalowa ndithu, koma ina imatenga miyezi, ina siilowa mpaka kalekale. Musathamangire kugula magnifica kapena gigantea pofuna kuisangalatsa: n'zovuta kusunga, zimafuna thanki yaikulu ndi kuwala kwamphamvu, ndipo ulendo wautali suziyanja. Kwa okhala ku Malawi kapena Zambia, komwe chamoyo chilichonse cha m'madzi amchere chimachokera kutali, bubble tip yoswedwera mu thanki ndiyo yanzeru. Anemone ya Condylactis ya ku Caribbean ndi yotsika mtengo, koma kumeneko kulibe clownfish, ndipo imatha kuiluma.

Thanki ikhale itagwira ntchito miyezi 6 kapena kuposerapo, madzi osasinthasintha, nyale zotha kupereka PAR (muyezo wa mphamvu ya kuwala) ya 200 mpaka 300 pamalo pomwe anemone ikhale. Mapampu onse avekedwe zotchinga isanafike, chifukwa anemone imayenda, ndipo ikalowa mu pampu imaduka tizidutswa n'kuipitsa madzi onse.

Pogula, onani phazi lake ngati silinang'ambike, pakamwa pakhale potseka, timanja tizimata mukatikhudza. Yoyera mbuu si yokongola ayi, yataya ndere zazing'ono za m'thupi mwake zomwe zimaipangira chakudya. Ngati yamatirira pamwala, gulani ndi mwala womwewo m'malo moikoka. M'lifupi mwake mukhale mosachepera katatu kutalika kwa nsomba, poti maroon yaikazi imafika masentimita 15 ndipo anemone yaing'ono imaisisita mpaka kuipha.

Kunyumba, donthezerani madzi a mu thanki m'chidebe chake kwa mphindi 45 mpaka 60. Zimitsani mapampu, muiike pamng'alu wa mwala, bubble tip imakonda phazi lili mumthunzi koma timanja tili poyera. Ikagwira, yatsani mapampu pang'onopang'ono. Sabata yoyamba musaidyetse. Kenako kachidutswa ka shrimp yaiwisi kosaposa mamilimita 5, kamodzi kapena kawiri pa sabata, n'kokwanira; chachikulu imachilavula usiku n'kuolera kuseri kwa miyala. Ikafota kwa maola ochepa n'kutulutsa zofiirira pakamwa, ikungodzithandiza. Ikayamba kusungunuka ndi kununkha, yafa: ichotseni nthawi yomweyo, sinthani madzi 25 mpaka 30 peresenti, muike kaboni watsopano wosefera madzi.

6. Zikumanitseni, koma osakakamiza

Clownfish siilumidwa ndi anemone chifukwa cha zonanda za pakhungu lake, ndipo kawirikawiri imayamba ndi kukhudza pang'ono ndi mchira kapena mimba, kuthawa, kubweranso, mpaka itazolowera. Amene amaikankhira mu anemone ndi neti kapena kuitsetserekera m'paipi amadumphitsa ntchito imeneyi. Pa bubble tip nsomba ingapulumuke ndi mabala, koma pa anemone ya Stichodactyla haddoni, yomwe imamata kwambiri, ikhoza kudyedwa inu mukuona.

Njira zofatsa zilipo. Chotsani kapena tchingani chomwe inazolowera. Muzithira chakudya ndi sirinji pafupi ndi anemone kuti nsomba izifikako yokha. Zikakanika patatha mwezi, ikani anemone pamodzi ndi mwala wake m'bokosi lamabowo lopachika mkati mwa thanki, nsomba n'kulowetsamonso, koma bokosilo likhale lalikulu moti nsomba ili ndi pothawira. Muziyang'anira, ndipo pakatha masiku 3 mpaka 5 popanda chochitika, zitulutseni. Ena amamata pagalasi chithunzi cha clownfish ili mu anemone. Sichivulaza kanthu, yesani ngati mukufuna, koma musachidalire.

7. Ikakhazikika

Nsomba yomwe inali yofatsa imasintha ikapeza nyumba. Imathamangitsa zinzake, imakankha tizidutswa ta makorali tomwe tili pafupi, ndipo dzanja lanu imaliluma, maroon mpaka kutulutsa magazi. Valani magolovesi aatali, matani makorali ang'onoang'ono pamiyala ndi guluu, ndipo siyani mpata wa masentimita 15 mpaka 20 kuzungulira anemone popeza nayo imaluma makorali. Mukaiona ikuyamwa nsonga za timanja ta anemone kapena kuiponyera chakudya, n'zachibadwa.

Clownfish yaimuna ndi yaikazi zikayamba kuluma ndi kuyeretsa mwala wa pafupi, mazira ayandikira. Amakhala a mtundu wa lalanje, yaimuna ndiyo imawakupiza ndi kuchotsa ofa, kenako amada n'kuoneka timaso tonyezimira, ndipo amaswa patatha masiku 7 mpaka 10, nyale zitazima. Mu thanki yaikulu tiana timathera mu fyuluta ndi m'kamwa mwa nsomba zina. Wofuna kutilera akonzeretu thanki ina ndi tizilombo ta rotifer, chakudya chawo choyamba.

Kumene magetsi amazimazima, khalani ndi kapampu ka mpweya ka batire kapena inveta yoyendetsa pampu imodzi. Madzi akaima maola angapo mpweya umachepa, ndipo anemone imatha kumasula phazi n'kuyamba kuyendayenda. Magetsi akathima inu muli pakhomo, zulani mapulagi a mapampu akuluakulu, ndipo akabwera yambani mwaona pomwe anemone ili musanawalumikizenso.